Mlembi amene ndikufuna kudzamuona pa kanema

Kulemba ndi ntchito yovuta kuijambula. Munthu wakhala pampando, wagwira cholembera, akuganiza, basi. Palibe kuthamangitsana kwa magalimoto, palibe mfuti, olo thukuta silioneka. Nde opanga mafilimu ambiri akafuna kutionetsa mlembi amathamangira zomwezomwezo, botolo la mowa pambali, ndudu ikufuka, mapepala okwinyakwinya ali mbwee pansi, munthu wagwira mutu poti mawu akukana kubwera. Ena mwa mafilimu otere ndi abwino ndithu, sindikukana. The Shining ya 1980 ija, Jack Nicholson akutaipa chiganizo chimodzi chomwecho mapeji ndi mapeji mu hotela yopanda anthu mpakana mutu kuzungulira, imaopsa zenizeni. Misery ya 1990 nayonso, mayi wokonda mabuku uja atamutsekera mlembi m'nyumba ndikumuthyola miyendo kuti alembe buku mmene iyeyo akufunira, Kathy Bates anatenga nayo Oscar ndipo anayeneradi. Koma amenewa ukaonera, mawa lake umadzuka uli yemwe uja.

Amene amandikhala mumtima ndi ena. Ndi aja amafunsa funso lomwe ife ana ndi zidzukulu za anthu a ku Nyasalande kuno ku Harare timalidziwa bwino, loti nkhani imene ukulembayo ndi ya ndani, nanga mwini wakeyo akupezapo chani?

Ndiyambe ndi Capote ya 2005, chifukwa ndi imene inandisowetsa mtendere kwambiri. Mu November 1959 anthu anayi a banja limodzi anaphedwa pa famu yawo ku Holcomb, ka tauni kakang'ono ku Kansas. Truman Capote, mlembi wotchuka wa ku New York, anawerenga nkhaniyi mu nyuzipepala ndikunyamuka kupita komweko ndi mnzake wa paubwana Harper Lee. Apolisi atagwira anyamata awiri amene anapha, Capote anayamba kumapita kundende kukacheza ndi mmodzi wa iwo, Perry Smith. Mu filimumu timamuona akumudyetsa ndi supuni nthawi imene Perry ankakana kudya, akuwapezera loya, akumvetsera za ubwana wake wovuta, ndipo ukamaonera umakhulupirira kuti amamukondadi munthuyu. Ndipo mwina ankamukondadi. Koma chimene ankafuna ndi chakuti Perry amuuze zimene zinachitika usiku umene uja, ndipo atamuuza, chinatsala ndi chimodzi, mathero a buku. Buku silingathe anyamatawo asananyongedwe. Nde apilo iliyonse ikachedwetsa chilango, Capote amadwala nayo, amasiya kuyankha makalata awo, amanama kuti buku lilibe mutu pomwe analitcha kale In Cold Blood ndipo akuliwerenga pamaso pa anthu ku New York. Anyamatawo ananyongedwa mu 1965, buku linatuluka mu 1966 ndikumulemeretsa, koma sanamalizenso buku lina lalikulu mpakana kumwalira mu 1984.

Philip Seymour Hoffman, amene anasewera Capote, anatenga Oscar ndi filimuyi. Chimene chimandigwira ine ndi nkhope yake akamamvetsera. Ndinaionapo nkhope imeneyi. Anthu amabwera m'makomboni mwathu ndi makope ndi timakina tojambulira mawu, kufuna kumva za Gule Wamkulu, za agogo amene ziphaso zawo zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira konkuno, za amene anachotsedwa m'mafamu zaka za m'ma 2000 opanda mudzi wobwererako. Amakhala pa mphasa, amadya nsima nafe, amamvetsera ndi mtima wonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo ndi anthu abwino. Kenako amapita. Zimene analembazo zimakatuluka m'Chingerezi chovuta, kutali, pa mtengo woti gogo uja sangaukwanitse, ndipo palibe amabwerako kudzamuwerengera kuti agogo, mawu anu aja ndi awa. Capote imandionetsa kuti munthu ukhoza kumukonda mnzako ndikumudyera limodzi nthawi yomweyo, ndipo filimuyi siimukhululukira.

Tsopano Cry Freedom ya 1987, imeneyi ndi yathu pang'ono chifukwa anaijambulira kuno ku Zimbabwe, poti ku South Africa nthawi ya tsankho sizikanatheka. Akuluakulu ambiri a m'tauni muno amaikumbukira. Mwini nkhani mu filimuyi kwenikweni ndi mlembi, Donald Woods, mkonzi wa nyuzipepala ya Daily Dispatch ku East London, amene anayamba ngati wotsutsa Steve Biko, mtsogoleri wa anthu akuda wolimbana ndi tsankho, kenako ndikukhala bwenzi lake. Biko anafera m'manja mwa apolisi pa 12 September 1977. Woods boma linamuletsa kulemba chilichonse, kumuletsa kukhala m'chipinda ndi anthu oposa mmodzi kupatula a m'banja lake, koma analemba buku mobisa ndikuthawa nalo kudzera ku Lesotho atavala ngati wansembe. Kulimba mtima kumeneko sindikuchepetsa ayi, munthu anasiya nyumba, ntchito ndi dziko chifukwa cha mapepala.

Koma onerani bwino. Denzel Washington akusewera Biko mochititsa kaso, ukungofuna azingoyankhulabe, ndiye pakati pa filimu Biko wafa. Ola lonse lotsalalo tikuthamanga ndi banja la mzungu, mtima uli m'mwamba kuti awoloka kapena ayi. Anthu anadandaula za zimenezi filimuyi itangotuluka ndipo ine ndili nawo. Wolemba nkhani uja wasanduka nkhaniyo. Sindikuti Woods anaba kanthu, popanda buku lake anthu ambiri kunja sakanadziwa mmene Biko anafera, koma kamera inasankha kutsatira wonyamula mapepala osati amene anafera zimene zili m'mapepalamo.

Nchifukwa chake ndimauza anzanga kuti akaonera Cry Freedom aonerenso Drum ya 2004, ya Zola Maseko, imene inapambana mphoto yaikulu ku FESPACO, chikondwerero cha mafilimu a mu Africa, ku Ouagadougou mu 2005. Iyi ndi ya Henry Nxumalo, mtolankhani wa magazini ya Drum ku Johannesburg zaka za m'ma 1950, nthawi ya Sophiatown, komboni yotchuka imene boma la tsankho linadzaigwetsa. Nxumalo sankafunsa anthu kuti moyo wa pa famu ndi wotani, ankapita yekha kukalembedwa ntchito pa famupo, kugwira ntchito ya kalavulagaga ndi anzake, kenako kuthawa ndikudzalemba. Anadzimangitsa dala kuti akaone za m'ndende ndi maso ake. Mapeto ake anaphedwa ndi mipeni mumsewu. Apa mlembi ndi anthu ake ali m'madzi amodzi, chikwapu chimene akulemba chamukwapula iyenso. Filimuyi ili ndi zofooka zake, mwina ena sangakonde kuti Nxumalo akuseweredwa ndi Taye Diggs wa ku America ndipo lilime lake limamveka, koma ndikaganiza kuti m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko munalinso anthu akwathu opita pa Wenela, ndimaionera ngati nkhani ya pakhomo.

American Fiction ya 2023 ndiitchule mwachangu chifukwa ambiri munaionera kale. Jeffrey Wright ndi mlembi wakuda wophunzira kwambiri amene mabuku ake sakugulidwa poti osindikiza akuti si achikuda mokwanira, nde mokwiya akulemba buku lodzaza mfuti, mankhwala ozunguza bongo ndi bambo wothawa ana, pa dzina labodza, ndipo limenelo ndi lomwe akulithamangira ndi ndalama zankhaninkhani, pa nthawi yoti mayi ake akudwala matenda oiwala ndipo akufunika ndalama zowasamalira. Anthu amaseka poionera koma aliyense wolemba kuno ku Africa akudziwa kuti msika wakunja uli ndi nkhani zimene umafuna kwa ife, njala, nkhondo, mwana wamasiye, ndipo renti siidikira. Cord Jefferson anatenga nayo Oscar ya kalembedwe, kuchokera m'buku la Percival Everett.

Pali filimu imodzi ya ku Germany imene mlembi amabweza ngongole yake, The Lives of Others ya 2006. Ku East Berlin mu 1984, wolemba masewero Georg Dreyman sakudziwa kuti nyumba yake yonse aitchera mawaya ndipo pamwamba padenga pakhala kapitawo wa apolisi achinsinsi a Stasi, mahedifoni kumutu, kulemba chilichonse chimene akunena. Boma linkadziwa zilembo za mataipi a alembi, nde kuti alembe nkhani yoletsedwa anachita kumubweretsera ka taipi kakang'ono mozemba, ka inki yofiira, ndikumakabisa pansi pa thabwa la pakhomo. Wapolisi uja pomvetsera tsiku ndi tsiku mtima wake unatembenuka, anayamba kulemba malipoti abodza kuti amuteteze, ntchito yake ndikuwonongeka. Khoma la Berlin litagwa Dreyman akuwerenga fayilo yake ndikuzindikira kuti panali munthu amene anamupulumutsa, ndipo buku lake lotsatira akulipereka kwa iyeyo, pa nambala yake ya ntchito.

Ndikaonera imeneyi ndimaganiza za Jack Mapanje. Buku lake la ndakatulo Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, kenako linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu ku Malawi, ndipo mu 1987 anamugwira ndikumutsekera ku ndende ya Mikuyu pafupi ndi Zomba, osamuzenga mlandu uliwonse, mpakana 1991. Munthu wophunzitsa pa Chancellor College, kumulanda cholembera, ndakatulo kumazisunga m'mutu. Komanso konkuno tili ndi Dambudzo Marechera, amene anabwerera ku Harare mu 1982 limodzi ndi gulu lojambula filimu ya buku lake The House of Hunger, anakangana ndi wotsogolera filimuyo, gululo linapita iye ndikutsala, kumagona m'mapaki ndikumataipa pa benchi ku Cecil Square, pamene pano timati Africa Unity Square. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35. Ndikadutsa pamenepo kuchokera kokwerera makombi ndimayang'ana mabenchi aja. Nkhani za alembi zoti nkujambula tili nazo zambiri, sitikusowa.

Koma filimu imene ndimaikonda kuposa onsewa mlembi wa m'nkhani yake sanalembepo buku olo limodzi. Ndi Central Station ya 1998, ya ku Brazil, ya Walter Salles. Dora, mayi wachikulire amene kale anali mphunzitsi, amaika ka tebulo pa siteshoni yaikulu ya sitima ku Rio de Janeiro ndikumalembera makalata anthu osadziwa kulemba, iwo ndikumulipira. Filimu imayamba ndi nkhope za anthuwo, mmodzimmodzi, akuyang'ana kamera ndikumanena zakumtima, wina kwa chibwenzi, wina kwa mwana, wina kwa amene anamubera. Madzulo Dora amapita nawo makalatawo kunyumba, amawawerenga ndi mnzake akuseka, ena amang'amba, ena amaponya mu drowa, ochepa okha ndi amene amafika ku positi. Tsiku lina mayi wina walembetsa kalata yopita kwa bambo wa mwana wake, potuluka pa siteshoni basi yamugunda wafera pomwepo, mwana wa zaka 9, Josué, watsala yekha. Dora poyamba akumupereka kwa anthu okayikitsa ndikulandira ndalama zogulira TV, mtima ukumutsutsa, akukamulanda, ndiye awiriwa akuyamba ulendo wautali wa pa basi ndi pa lole kupita kumpoto chakum'mawa kwa Brazil kukasaka bambo uja.

Pali malo awiri amene ndimalira nthawi zonse. Ndalama zitawathera pa tauni ya anthu odzapemphera, mwana uja ndi amene akuyamba kuitanira anthu kuti bwerani mudzalembetse makalata, ndipo ulendo uno Dora akuwatengadi makalatawo kukaponya ku positi. Kenako atapeza azichimwene ake a Josué, anyamata awiri osadziwa kuwerenga, akutulutsa kalata ya bambo awo imene akhala akuisunga miyezi osaitsegula, Dora akuwawerengera, ndipo ukamuyang'ana kumaso umaona kuti dzina la Josué akuliwonjezera yekha kuti mwanayo asamve kuti bambo ake anamuiwala. Fernanda Montenegro, amene anasewera Dora, anapikisana nawo pa Oscar ndi gawo limeneli, filimuyo inatenga mphoto yaikulu ku Berlin, ndipo mnyamata amene anasewera Josué anali wopolisha nsapato pa bwalo la ndege pamene Salles anamupeza.

Chifukwa chimene imandikhudzira chonchi ndi agogo anga aamuna. Anachoka ku Dedza zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito ku Salisbury, Harare wa lero, ngati anzawo ambirimbiri, ena pa Mthandizi ena wapansi, ndipo asanakwatire ankakhala m'mahositelo ku Mbare. Kusukulu sanapiteko. Azakhali anga amafotokoza zimene agogowo ankawauza, kuti Lamulungu masana, anthu akaweruka ku tchalitchi, pankakhala mzere pakhomo pa chipinda cha bambo wina wa ku Ntcheu amene anaphunzirako pa mishoni. Aliyense ankangowatcha kuti a Mlembi. Iwe umabwera ndi envulopu yako ndi sitampa, iwo anali ndi padi ya mapepala abuluu ndi cholembera chimene sankabwereketsa munthu. Umakhala pa bedi, iwo pa chitini, bondo ndiye tebulo. Kalata iliyonse inkayamba chimodzimodzi, moni kwa amayi, kwa amalume, kwa a mfumu, ine kuno ndili bwino kaya inu kumeneko, ngakhale munthuyo ali ndi bandeji kumwendo. Kenako za ndalama, ndatumiza mwakuti, mugule mbuzi, mulipire msonkho, mwana asasiye sukulu.

Ndiye taganizani zimene munthu ameneyu ankadziwa. Ankadziwa amene wakwatira mkazi wina kuno koma kumudzi sakunena. Ankadziwa amene ntchito inamuthera kalekale koma akulembetsabe kuti bwana andikweza. Munthu akabwera atapsa mtima kufuna kutukwana mlamu wake pa nkhani ya munda, a Mlembi ankaika cholembera pansi ndikunena kuti achimwene, pitani mukagone, mubwere sabata yamawa, mawu a papepala safufutika. Ndipo makalata ochokera kumudzi ankawerenganso iwo omwewo. Azakhali amati chizolowezi chawo chinali choyamba kuwerenga chamumtima kalata yonse, mwini wake akudikira. Akangopinda kalata ija osayankhula ndikutuma mwana kuti kaitane akuluakulu awiri, aliyense pa mzerepo ankavula chipewa, poti zadziwika kuti kumudzi kwagwa zovuta, ndipo uthenga wa maliro sauza munthu ali yekha. Agogo anamva za imfa ya mayi awo mwanjira imeneyi, patapita masabata chiwaikireni m'manda.

Kwa ine ameneyu ndiye mlembi weniweni wa anthu athu. Nkhani sizinali zake, dzina lake silinkalembedwa pansi pa kalata, koma mawu onse ankadutsa m'dzanja lake ndipo tsiku lililonse ankasankha chofewetsa, chosiya ndi chonena mmene chilili. Mphamvu imene Capote anali nayo pa Perry, imene Dora anali nayo pa anthu a pa siteshoni, bambo ameneyu anali nayonso, kusiyana kwake nkwakuti iye mawa lake ankakumana nawo anthuwo pa mpopi ndi kumaliro, sakanathawira ku New York. Machona ambiri amene timawanena kuti anaiwala kwawo, mwina chimene chinaduka ndi kalata basi, mlembi wasamuka kapena wamwalira, munthu akuchita manyazi kukaulula za m'nyumba mwake kwa mlendo, chaka chatha, zaka khumi zatha, kumudzi ndikumulira ali moyo.

Alembi oterewa sanatheretu. Pitani pa maliro aliwonse a anthu akwathu ku Mufakose, ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth, mupeza mlembi wa sosaiti ya maliro wakhala pakona ndi kope lake lachikuto cholimba, akulemba amene wapereka ufa, amene wapereka dola, mudzi ndi mfumu ya malemu ngati zikudziwika. M'makope amenewo muli mbiri ya anthu athu kuposa mmene tikuganizira. Ndipo masiku ano mdzukulu amene amagwira foni ya agogo ndikuwatayipira uthenga pa WhatsApp kupita ku Lilongwe, akumasintha mawu ena poti Chichewa chake nchosakanikirana ndi Chishona, akugwira ntchito yomweyo ya a Mlembi, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Nde ine filimu imene ndikuilakalaka ndi imeneyo. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 inaonetsa kale kuti Chichewa chikhoza kumveka pa Netflix dziko lonse ndikuonera, ndipo Harare ndi mzinda wa Tsitsi Dangarembga, amene analemba nkhani ya filimu ya Neria ndikutsogolera Everyone's Child, anthu odziwa kamera alipo. Siifuna ndalama zambiri, chipinda chimodzi cha hositelo, bedi, chitini, mzere wa amuna pakhomo, ndi mudzi umodzi ku Dedza kumene mayi akupita ndi envulopu kwa aphunzitsi kuti amuwerengere. Koma chonde amene adzaipange asadzawayankhulitse Chingerezi anthu amenewa, olo Chichewa cha pa wailesi. Ayankhule mmene ankayankhulira ku Mbare, Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, Chishona ndi Chilapalapa cha kuntchito, pomwe kalatayo ikulembedwa m'Chinyanja chaulemu cha ku mishoni, kuti woonera azimva yekha kusiyana kwa zimene munthu wanena ndi zimene zalembedwa.

Pakadali pano, amene muli ndi masutikesi akale a agogo pansi pa bedi, tsegulani muone. Mukapeza makalata abuluu aja musayatsire moto, ajambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri pamodzi ndi envulopu yake, chifukwa pa envulopu ndi pamene pali dzina la mudzi ndi chidindo cha deti, ndipo muwafunse akuluakulu adakali moyo kuti dzanja limenelo linali la ndani.